CARL LARSSON, MMISIRI AMENE ANKAJAMBULA ANA AKE

Teremu yathayi kalasi yathu ndiyo idali ndi ntchito yosesa mu laibulale Loweruka lililonse. Tsiku lina, ndikupukuta fumbi pa shelefu ya pansi penipeni pamene pamakhala mabuku osabwerekedwa, ndidatola buku lalikulu lothothoka chikuto. Chiyankhulo chake sindidamvepo ndi liwu limodzi lomwe, koma zithunzi zake zidandigwira mtima kotero kuti belu la nkhomaliro lidalira ine ndili chikhalire pansi, tsache lili poteropo. M'bukumo mudali ana okhaokha: wina akuwedza nsomba, ena atavala ngati asilikali, wina ali ndwii pakona ya chipinda. Bambo amene amasunga makiyi a laibulale adandiuza kuti bukulo nla m'Chijeremani, ndipo wojambulayo ndi Carl Larsson wa ku Sweden. Iwo omwewo ndiwo adandithandiza kupeza mbiri yake, imene ndafuna kuti ndigaweko kwa inu abambo, makolo ndi anzanga.

Ndisabise, poyamba ndidaganiza kuti munthu wojambula ana okondwa chotere adakulira pa mwanaalirenji. Ndidalemba m'madzi.

Carl Larsson adabadwa pa 28 Meyi 1853 ku Gamla stan, dera lakale la mzinda wa Stockholm. Ife tikamva za Sweden timaganiza za dziko lolemera, koma masiku amenewo anthu ambiri kumeneko adali amphawi zedi, ndipo banja la Larsson lidali pakati pa osaukitsitsa. Bambo ake ankangogwira maganyu. Nthawi ina adali wosonkhezera moto m'sitima ya pamadzi, nthawi ina wonyamula matumba a tirigu. Adali munthu wakumwa ndi waukali. Mayi ake ndiwo ankadyetsa banja pochapira anthu zovala kuyambira m'mawa mpaka usiku. Idafika nthawi imene mayiwo, Carl ndi mbale wake Johan adasowa pokhala nakapezeka m'nyumba za anthu ovutika, m'mene mabanja atatu ankagawana chipinda chimodzi. Nsikidzi, makoswe ndi matenda zidali za tsiku ndi tsiku. Koma chimene chidamupweteka Carl koposa njala ndi chimene bambo ake adamuuza tsiku lina atakwiya, kuti amatemberera tsiku limene mwanayo adabadwa. Mawu amenewa adamukhala mumtima mpaka ukalamba wake, ndipo adawalemba m'buku la mbiri ya moyo wake.

Ankaphunzira pa sukulu ya ana a amphawi. Kumeneko mphunzitsi wina adaona kuti mnyamatayu ali ndi dzanja lojambula, namulimbikitsa kuti akayese mwayi ku sukulu yokonzekeretsa ana olowa ku Akademi ya Zaluso ya mfumu. Adamulandira ali ndi zaka 13. Zaka zoyamba zidali zowawa, poti adali wamanyazi ndiponso ankadziona wotsika pakati pa ana a mabwana ovala bwino. Amene tidabwera kuno ndi sutikesi ya malata pamene anzathu adatsika m'galimoto ya makolo awo tikudziwa m'mene zimenezi zimamvekera. Mu 1869, ali ndi zaka 16 ngati ine, adamukweza kupita ku kalasi yapamwamba, ndipo kuyambira pamenepo adayamba kumasuka. Posakhalitsa adapeza ntchito yojambula zithunzi zoseketsa m'nyuzipepala yotchedwa Kasper, kenaka m'nyuzipepala ina ya zithunzi yotchedwa Ny Illustrerad Tidning. Ndi malipiro akewo adayamba kuthandiza makolo ake, kuphatikizapo bambo aja adamutemberera.

Mu 1877 adapita ku Paris, kumene amisiri onse a ku Ulaya ankalakalaka kukadziwika. Kumeneko ankajambula zithunzi zikuluzikulu ndi penti wa mafuta, monga adamuphunzitsira ku Akademi, koma palibe adazilabadira. Ndalama zidamuthera, njala idamupeza kachiwiri, ndipo adataya mtima kwambiri.

Zinthu zidatembenuka mu 1882 pamene adasamukira ku Grez-sur-Loing, kamudzi ka m'mbali mwa mtsinje, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kum'mwera kwa Paris. Kumeneko kunkakhala amisiri angapo ochokera ku maiko a kumpoto kwa Ulaya. M'kamudzi kameneka Carl adapeza zinthu ziwiri zimene zidasintha moyo wake. Choyamba adasiya kulimbana ndi penti wa mafuta nayamba kujambula ndi penti wa madzi. Chachiwiri adakondana ndi Karin Bergöö, mtsikana wa ku Sweden komweko, mwana wa munthu wamalonda wopeza bwino, amenenso adaphunzira zojambula ku Akademi. Mu 1883 zithunzi zake za penti wa madzi zidamupezetsa mendulo pa chionetsero chachikulu cha ku Paris, ndipo chaka chomwecho iye ndi Karin adakwatirana.

Apa ndiime pang'ono kuti ndifotokoze za penti wa madziyu, chifukwa popanda kumudziwa nkovuta kumvetsa ntchito ya Larsson. Penti ameneyu ndi ufa wa mitundu wosakaniza ndi utomoni wa mitengo ya mtundu wa mthethe. Wojambula amanyowetsa burashi m'madzi, nkusungunula pentiyo, nkupaka pa pepala lochindikala. Kusiyana kwake ndi penti wa mafuta nkwakuti uyu ngwoonekera mkati. Kuwala konse kumene mumaona pa chithunzi nkuyera kwa pepala lenilenilo kumene kukupyola m'pentimo. Tsono ngati mukufuna kuti malaya a mwana akhale oyera, simupakapo penti woyera ayi, mumangowazungulira nkusiya pepala lopanda kanthu. Mumayamba ndi mitundu yopepuka nkumalizira yakuda. Mukalakwitsa ndi penti wa mafuta mutha kupaka wina pamwamba nkubisa cholakwacho, koma ndi wa madzi cholakwa chimakhala pomwepo, aliyense nkumachiona. Ubwino wake ngwakuti amauma msanga ndipo zipangizo zake nzopepuka, munthu atha kuzinyamula kupita nazo kudimba kapena kudooko.

Nditawerenga zimenezi ndidabwereka kabokosi ka penti kwa mnzanga wina wa Fomu 2 kuti ndiyese kujambula mng'ono wanga akuyendetsa galimoto yake ya mawaya. Ndidang'amba pepala m'kope la masamu. Pepalalo lidakwinyika ngati chikopa chouma, wofiira adathamangira mwa wobiriwira, ndipo chimene chidatuluka chidali ngati matope a m'dambo. Ndidapupuluma, sindidadikire kuti mtundu woyamba uume. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Kuyambira tsiku limenelo ndimayang'ana zithunzi za Larsson ndi ulemu wina.

Carl ndi Karin adabereka ana asanu ndi atatu. Woyamba adali Suzanne mu 1884, kenaka Ulf mu 1887, Pontus mu 1888, Lisbeth mu 1891, Brita mu 1893, Mats mu 1894, Kersti mu 1896, ndipo chitsirizira adali Esbjörn mu 1900. Mu 1888 bambo ake a Karin, a Adolf Bergöö, adapatsa banjali kanyumba kamatabwa kotchedwa Lilla Hyttnäs m'mudzi wa Sundborn, pafupi ndi tauni ya Falun m'chigawo cha Dalarna. Poyamba ankangopitako nyengo yotentha, koma mu 1901 adasamukirako kwathunthu. Chaka ndi chaka ankawonjezera zipinda mpaka kanyumba kaja kadasanduka nyumba yaikulu yokhotakhota.

Nyumba za anthu opeza bwino masiku amenewo zinkakhala zamdima, za makatani olemera ndi mipando yakuda, ndipo ana sankaloledwa kusewera pabalaza. Ya a Larsson idali yosiyana. Adapaka mipando yofiira, yobiriwira ndi yoyera, nasiya mawindo kuti dzuwa lizilowa. Ana ankadya pamodzi ndi akuluakulu ndipo ankaloledwa kulowa ngakhale m'chipinda chimene bambo awo ankajambuliramo. Zambiri mwa zimenezi idali nzeru ya Karin. Iye ndiye ankaluka nsalu za m'nyumbamo, kusoka zovala za ana zotakasuka bwino zoti atha kuthamanga nazo, ndi kulinganiza mipando yoti akalipentala a m'mudzimo apange. Amati ndi iyenso amene adauza mwamuna wake, chaka china mvula itavumba masabata ambiri kotero kuti sankatha kukajambula kunja, kuti bwanji osangojambula za m'nyumba momwemo. Chimodzi chimandidandaulitsa pa nkhani ya mayiyu: atakwatiwa ndi kuyamba kubereka adaleka kujambula, chonsecho adaphunzira sukulu imodzimodzi ndi mwamuna wake. Pa zithunzi pamalembedwa dzina la Carl lokha, koma pafupifupi chilichonse chokongola chimene chili m'zithunzimo chidatuluka m'manja mwa Karin.

Zithunzi za m'nyumbazi zidatuluka m'buku mu 1899. Dzina lake ndi Ett hem, kutanthauza kuti khomo kapena pakhomo, ndipo mudali zithunzi 24 za penti wa madzi. Pofika nthawi imeneyi Larsson adali atapeza njira yakeyake yojambulira. Ankayamba ndi pensulo, kenaka nkulemba mizere yooneka bwino ndi inki, pomaliza nkudzaza mitundu yopepuka mkati mwa mizereyo. Njira imeneyi adaitengerako ku zithunzi zodinda za ku Japan zimene ankazikonda kwambiri. Idathandizanso kuti makina osindikizira a nthawi imeneyo azitha kutulutsa zithunzi zake osaziwononga.

Chimene chimandikoka ine m'zithunzi zimenezi ndi m'mene anawo akuonekera. Amisiri ambiri akale akamajambula mwana ankamuveka zovala za pa Sabata nkumuimika chilili ngati kamunthu kakakulu, monga momwe amatichitira ojambula zithunzi pa tsiku la ukwati. Larsson ankajambula mwana ali pakati pa zochita zake, osadziwa nkomwe kuti wina akumuyang'ana. Pali chithunzi cha Lisbeth akuwedza yekha m'mbali mwa madzi. Pali cha Suzanne akuthirira maluwa pawindo. Pali cha Brita atagwira buledi, mphaka ali pambali pake. Pali cha banja lonse likugwira nkhanu za m'madzi, umene ndi mwambo wa ku Sweden m'mwezi wa Ogasiti. Palinso china chimene Larsson adadzijambula yekha atanyamula Brita paphewa, dzanja lina akujambula.

Ana a m'banjali ankakonda kuvala zachilendo ndi kuchita zisudzo, ndipo bambo awo ankaziona ngati nkhani yaikulu yoyenera kujambulidwa. Ulf ndi Pontus adawajambula akusewera usilikali, nkhope zili gwa, moti ukawayang'ana umaona kuti m'mitu mwawo nkhondoyo njeniyeni. Pa chithunzi china anawo avala nkhata za maluwa ndi zovala zodabwitsa, akulowa m'mamawa kukadzutsa munthu pa tsiku lokumbukira dzina lake, wina akuimba vayolini. Mu 1901 adajambula Brita atavala zofiira, atanyamula makandulo ndi dengu la maapozi, akuyerekeza kukhala Idun, mulungu wamkazi wa m'nthano zakale za kumeneko amene ankasunga zipatso zoletsa ukalamba. Zonsezi zidandikumbutsa masanje a kwathu pambuyo pokolola, pamene mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amakhala bambo wa pakhomo, wina mayi, wina fisi, ndipo palibe amaseka chifukwa onse akudziwa kuti imeneyo ndi ntchito. Wamkulu akangofika nkuseka, masanje amathera pomwepo. Larsson adali wamkulu wodziwa kufika osaseka.

Sankajambula chisangalalo chokhachokha ayi. Chithunzi chimene ndimachikonda koposa ndi cha Pontus atamukhazika pa mpando pakona ya chipinda chifukwa chopulupudza. Chipindacho nchachikulu, chowala ndi chokongola, ndipo kamnyamatako kali kokhakokha kumbali. Palibe mkwapulo, palibe munthu womukalipira, koma aliyense amene adalangidwapo amadziwa kutalika kwa mphindi zimenezo. China ndi cha mu 1912: Esbjörn ali pa desiki yake, buku lili potero, maso ali pawindo. Anzanga a nthawi ya sitade ya masana, ameneyu ndi mbale wathu.

Mu 1909 wosindikiza mabuku wina wa ku Germany, Karl Robert Langewiesche, adasonkhanitsa zithunzizi m'buku lotsika mtengo lotchedwa Das Haus in der Sonne, ndiye kuti nyumba ya padzuwa. Mabuku 40,000 adagulidwa m'miyezi itatu yokha. Mwana uja wa m'chipinda cha mabanja atatu adasanduka mwini wa khomo lodziwika kwambiri ku Ulaya konse.

Tsono pali funso limene lakhala likundizunguza, ndipo tidatsutsana nalo kwambiri ndi mnzanga wa penti uja. Iye akuti zithunzi zimenezi nzabodza. Mfundo zake nzomveka. M'nyumba ya padzuwayo mudalowa maliro kawiri: Mats adamwalira ali ndi miyezi iwiri yokha, ndipo Ulf, msilikali wamng'ono uja, adamwalira mu 1905 ali ndi zaka 18 atadwala matenda a m'mimba otchedwa apendikisi. Larsson mwini wake adali munthu wa mtima wapachala, wokhumudwa msanga, ndipo ankavutika ndi maganizo ofooketsa, mutu ndi maso. Buku la mbiri yake lotchedwa Jag, kutanthauza kuti ine, lidatuluka mu 1931 iye atamwalira kale, ndipo ambiri amene ankamudziwa ngati bambo wansangala adadzidzimuka ndi kuwawidwa mtima kumene adapezamo. Mnzangayo akuti munthu wotere pojambula ana oseka ankanamiza dziko.

Ine sindikugwirizana naye. Munthu wonama amanena zimene kulibe, koma ana aja adalipodi, nyumba ija ilipo mpaka lero, ndipo masewera aja ankachitikadi. Chimene Larsson adachita nkusankha choyang'ana. M'mene ndikuonera, munthu amene sadasewereko ali mwana ndiye amadziwa mtengo wa masewera kuposa ife amene tidasewera mpaka kutopa. Bambo ake adamuuza kuti kubadwa kwake ndi tsoka, ndipo iye adatha zaka zoposa makumi awiri akujambula ana ake mmodzimmodzi, ngati akuuza aliyense kuti kubadwa kwake ndi mwayi. Komabe mnzangayo ndimamuvomera pa chimodzi. Mayi wa ana asanu ndi awiri wokhala m'chipinda chimodzi ku Stockholm, akaona zithunzi zimenezi, mwina zinkamupweteka m'malo momusangalatsa, pakuti nyumba yotere imafuna ndalama, antchito, ndi apongozi okupatsa malo.

Za bambo ake aja, nkhani yake idatha mosayembekezeka. Atakalamba, Carl adawatenga pamodzi ndi mayi ake nawakhazika pafupi naye ku Sundborn, ndipo adawasamala kufikira imfa yawo.

Chodabwitsa china nchakuti Larsson mwini wake sankaona zithunzi za anazi ngati ntchito yake yaikulu. Mtima wake udali pa zithunzi zikuluzikulu za pakhoma m'masukulu ndi m'nyumba za boma. Mu 1896 adajambula makoma a pa masitepe a Nationalmuseum, nyumba yaikulu yosungiramo zaluso ku Stockholm. Pambuyo pake adawonjezerapo chithunzi cha Gustav Vasa akulowa mu Stockholm pa kavalo woyera mu 1523. Padatsala khoma limodzi, ndipo Larsson adatsimikiza kuti limenelo lidzanyamula ntchito yake yoposa zonse. Adaitcha Midvinterblot, nsembe ya pakati pa nyengo yozizira. Nkhani yake adaitenga m'mbiri zakale za mfumu Domalde, imene idaperekedwa nsembe pa kachisi wa ku Uppsala kuti njala ya zaka zingapo ithe m'dziko. Chithunzicho ncha penti wa mafuta, chotalika pafupifupi mamita 14 ndipo msinkhu wake ngwoposa mamita 6. Mulibe mwana wosewera, mulibe dzuwa la pawindo. Pakati pake pali mfumu ili maliseche m'chisanu, ikudikira mpeni.

Anthu adayamba kuchitsutsa chisadathe nkomwe. Ena adati zovala ndi zida zake sizikugwirizana ndi mbiri, ena adati nkhani yake njonyansa, ndipo amisiri achinyamata adati kajambulidwe kake nkachikale. Larsson adaumirira nachimaliza mu 1915, koma akuluakulu a nyumbayo adachikana. Munthu amene mabuku ake adali m'makomo zikwizikwi adamva ngati abwerera pa khomo la Akademi ali ndi zaka 13. M'buku la mbiri yake adavomera kuti kukanidwaku kudamuswa mtima, ngakhale adavomeranso kuti mwina zithunzi za pakhomo pake ndizo zidzakhalitse.

Adamaliza kulemba bukulo masiku ochepa asadamwalire. Adadwala sitiroko mu Januwale 1919 ndipo adatsikira kuli chete pa 22 mwezi womwewo ku Falun, ali ndi zaka 65. Adaikidwa ku manda a tchalitchi cha ku Sundborn. Karin adamutsatira mu 1928. Nyumba yawo ikadali m'manja mwa zidzukulu zawo, ndipo alendo amaloledwa kulowa kukaona zipinda zimene zili m'zithunzi zija.

Chithunzi chokanidwa chija chidayenda ulendo wautali. Mu 1987 chidagulitsidwa pa okushoni ku London, ndipo adachigula ndi munthu wa ku Japan. Mu 1992 mwini wakeyo adachibwereketsa ku Nationalmuseum pa chionetsero cha ntchito za Larsson, ndipo anthu ochuluka atachiona chili pa khoma lake adayamba kufunsa chifukwa chimene chidachokera m'dziko. Padasonkhedwa ndalama, ndipo mu 1997 nyumbayo idachigula nkuchipachika pa khoma lomwe lija, patapita zaka 78 mwini wake ali m'manda.

Buku lothothoka chikuto lija ndidalimata ndi guluu ndipo Bambo adalola kuti lichoke pa shelefu ya pansi. Tsopano lili pafupi ndi mabuku a mapu, kudzanja lamanja mukangolowa. Chithunzi cha Pontus ali pakona chili chapakatikati, pamene ndidaikapo kapepala.